Dimba la M'galasi

Joni, pa 3 Setemburu 2023

Okondedwa amake Telma,

Ndiyambe ndi moni. Muli bwanji kumeneko, inu ndi mwanayo? Amayi anu mwendo uja ukuwalola kupita kudimba? Ine kuno ndili bwino, kungoti mphepo ya mwezi watha inandisiyira chimfine, koma chikunka chikutha.

Kalatayi ndapatsira a Vicente, amotorista oyendetsa lole ija imadutsa pa Kalomwe. Ndatopa nako kuyankhula nanu pa foni ya alamu anga a Marko. Munthu ukati unene kamawu kamodzi kwa mkazi wako, umamva mlamu akupumira pafupi, ndipo pofika madzulo Lifidzi yense wadziwa kuti Elísio wasowa mkazi wake. Tizingolemberana, monga ankachitira madala a ku migodi.

M'envelopumu muli kangachepe. Mugule adubu, feteleza uja, wa mbatata ya kudimba msanga asanakwere mtengo, ndipo musagule kwa anthu a panjinga aja amasakaniza ndi mchenga. Yotsala mugulire Telma nsapato. Musapatse wina kuti akusungireni, mukumudziwa amene ndikunena.

Nkhani ya kuno ndi yoseketsa. Apatarau anga, mdala wachizungu uja ndimamusamalira maluwa ndi kapinga, manja awo ayamba kunjenjemera moti kapu ya tiyi imafika pakamwa itatsala theka. Kumunda wa maluwa asiya kutuluka. Ndiye aganiza zoyamba kuweta. Musaganize za mbuzi kapena nkhunda. Agula bokosi la galasi, kutalika kwake ngati chitseko mutachigoneka, alikhazika m'chipinda chozizira chosafika dzuwa, ndipo akuti ine ndimange dziko m'kati mwake, mbali ina mtunda, mbali ina madzi. Iwo amakhala pampando n'kumaloza ndi ndodo, ine n'kumagwira.

Tayamba ndi kumata kagalasi kena pakati, kotchinga kuti dothi lisagwere m'madzi. Kumtundako pansi tathira timiyala, pamwamba pake kaneti, kenako dothi, kuti mizu isamakhale m'chithaphwi. Dothilo akuti lisakhale ndi adubu ngakhale kambewu kamodzi, chifukwa zodzakhalamozo zimamwa chilichonse ndi khungu. Ndinawauza kuti kwathu mbewu yopanda adubu imachita chikasu, iwo anaseka mpaka kutsokomola. Ndapanganso kagombe kotsetsereka ndi makungwa ndi miyala yosalala, kuti chotuluka m'madzi chizikwera chosavutika. Ndi dimba ndithu, amake Telma, dimba la m'galasi, kungoti mwini wake sadzadyamo kanthu.

Zodzakhalamozo sindinazione. Akuti dzina lake ndi manyuti. Ndinafunsa ngati amadya, mdala anandiyang'ana ngati ndatukwana m'tchalitchi.

Za mapepala anga musamafunse pa foni. Masiku a m'pasaporote anatha, ndipo popita kuntchito ndimadzera njira ya kuseri. Zina tidzakamba pamaso.

Mundiperekere moni kwa amalume anu a Benedito ndi onse a pakhomo.

Ndine wanu,
Elísio


Joni, pa 1 Otuburu 2023

Amake Telma,

Moni nonse. Kalata yanu ndalandira, ndipo ndakondwa kumva kuti mbatata yamera bwino. Ine ndili bwino. Mwati Telma akutsokomola. Ndi fumbi la mwezi uno limenelo, komabe musamulole kusewera kumtsinje m'mawa. Chikapitirira mupite naye ku posito akamuone anamwino.

Dimba la m'galasi lija latha. Kumtunda konse ndayala ndere zofewa, zija zimamera pamiyala ya m'mapiri kwathu, zimene ife timangoponda. Kuno amagula m'sitolo, m'kathumba, ndipo mtengo wake sindikuuzani kuopa mungadwale mutu. Ndabzalanso timasamba tangati nthenga, ndi tina ta m'madzi timene ndamangirira kuchikuni ndi ulusi kuti tisayandame. Pakona pali kabomba ka magetsi kokweza madzi, amatsikira pamiyala n'kubwerera m'dziwe. Tsiku loyamba ndinakaika mopotoka, madzi onse anathamangira kumtunda, dothi n'kusanduka phala, tinachita kuyambiranso. Mdala sanakalipe. Anangoti, "Elísio, ngakhale Mulungu polekanitsa madzi ndi mtunda anatenga tsiku lathunthu, iwe ukufuna uthe tiyi asanazizire?"

Madzi a pampopi sitithira choncho. Muli mankhwala, ndiye timadonthezamo ena ochotsa oyambawo. Titatero tinadikira masabata, bokosi lili lopanda chamoyo, kabomba kakungolira. Ine ndimati tatha, iwo akuti ayi, madzi ayambe azolowerana ndi dothi ndi zomera. Anthu a kuno amaleza mtima ndi madzi kuposa ndi anthu.

Dzana tabwera nato tizilomboto, titatu. Tangoganizani buluzi wotalika ngati chala, koma khungu la chule, kumsana kwakuda, kumimba kofiira ngati phwetekere wakupsa. Sitilira, sitiluma, timayenda pang'onopang'ono ngati takhuta. Koma kukwera galasi timatha, moti chivindikiro cha neti ndachita kuchipanikiza mbali zonse. Pogwira m'madzimo ndimayamba ndasamba m'manja popanda sopo, ndikatha ndisambenso chifukwa khungu lake lili ndi ululu pang'ono. Chakudya chake ndi nyongolotsi zoduladula, ndi timphutsi tofiira timene amatisunga m'jelera, firiji ija, titauma gwa.

Kamodzi kayamba kale kundidziwa. Ndikangotsegula kamasambira kubwera pamwamba, mdala n'kumachita nsanje. Akuti ndakadyetsa mankhwala achikondi.

Anandijambula foto ndikudyetsa timphutsi tija ndi kachitsulo kopanira, ndipo ndaitumiza pa foni ya a Marko. Muwapemphe akuonetseni, muonetsenso Telma, aone ng'ombe zimene ababa ake akuweta ku Joni.

Mizere ya kumunda yambani mwezi uno, musadikire mitambo. Aganyu muwapatse chimanga cha m'nkhokwe yakale, chatsopano chisakhudzidwe. Nyemba zija musagulitse pano, a ku Dedza adzabwera okha kudzazifuna mvula ikagwa.

Kuchipinda kumene ndimagona tinali anayi, tsopano tatsala atatu. Mnzathu wa ku Tsangano anapita kukagula buledi Lachiwiri, mpaka lero. Akuti anakumana ndi galimoto ija imafunsa mapepala. Amayi anu musawauze.

Wanu,
Elísio


Joni, pa 22 Otuburu 2023

Amake Telma,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli ndi mphamvu. Ine thupi lili bwino, koma mtima ayi, chiwerengereni zimene mwalemba.

Choyamba mwana. Mwati mapiritsi a ku posito atha koma chifuwa chilipobe, thupi likutentha madzulo alionse, ndipo diresi lake la kutchalitchi layamba kumukulira. Mwatinso anamwino akupatsani pepala loti mupite naye kuchipatala chachikulu ku Vila akamujambule pachifuwa. Nanga mukudikira chiyani? Yokwerera shapa, minibasi ija, ndaika m'envelopumu. Munyamuke m'mawa mwake mukalandira kalatayi, kumunda kudikira.

Chachiwiri foto ija. Ndinaitumiza kuti museke. Sindinadziwe kuti a Marko adzayenda nayo pamsika, pachigayo, mpaka pamaliro, akuikulitsa ndi zala kuti anthu aone bwino. Ndiye anthuwo akuti chiyani? Akuti Elísio wasunga zinthu m'galasi ku Joni, akuzidyetsa magazi ndi kachitsulo, n'chifukwa chake chaka chino mwafolera nyumba ndi malata. Ndipo akuti magaziwo ndi a mwana wanga.

Ndinayamba ndaseka. Kenako ndinakhala pansi pakapinga, makina otchetchera akulira okha, mpaka mdala anatuluka kudzafunsa ngati ndalumidwa ndi njuchi.

Amake Telma, tamverani. Chofiira chili pakachitsulo kaja ndi timphutsi, tangati timene mumatipeza m'matope a pachitsime. Amagulitsa m'sitolo, papaketi pali ndi mtengo womwe. Tizilomboto si tanga. Ngakhale galasilo si langa, ine ndimangolipukuta. Malata aja ndinagula ndi msana uwu, zaka zitatu ndikutchetcha kapinga wa eni ake, ndikudya buledi ndi madzi a shuga. Amene akuyankhulawo ndi omwe aja ankanditcha mkamwini waulesi pamene tinkagona m'nyumba yodontha. Lero yasiya kudontha, ndasanduka mfiti. Andiuze tsono kuti munthu azikhala bwanji kuti iwo agone tulo.

Inu simunalembe zimene mukuganiza inuyo. Mwangolemba kuti anthu akuti, anthu akuti. Ndabwereza kuwerenga kufunafuna pamene mwawayankha, sindinapapeze. Mwina pepala linachepa.

Mdala sindinamuuze. Ndingayambire pati? Masiku ano amadzuka m'mawa, kumeta ndevu, n'kukakhala pamaso pa galasi lija ndi tiyi wake. Mayi amene amakonza m'nyumba akuti chimwalirireni akazi awo sanawamvepo akuseka chonchi. Dzulo anandiitana kuchoka kugeti kuti ndidzaone kena katafundula khungu n'kulidya. Ndinaona, ndinati zikomo, ndinabwerera kuntchito.

Mvula ikayamba musabzale ndi yoyamba, imanama. Koma izi ndi zachabe. Pitani naye mwana ku Vila, ndipo mukabwerako mundilembere zimene anena, mawu ake enieni.

Ndine mwamuna wanu,
Elísio


Joni, pa 5 Novemburu 2023

Amake Telma,

Moni. Ine ndilipo. Za inu sindikudziwa, chifukwa a Vicente afika opanda kalata yanu. Angondiuza pakamwa kuti Telma salinso m'nyumba mwathu, amalume anu amutengera kwawo, ndipo ku Vila simunapite.

Ndinaimba pa foni ya a Marko, ndinapempha inu, anandipatsa a Benedito. Ndikulemberani mmene tinayankhulirana kuti asakuuzeni zina.

Ndinati, "Apongozi, mwanayo akufunika dotolo."

Iwo anati, "Dotolo adzatani? Mwana wogwidwa ndi zinthu ukamubaya jakisoni ndiye wamutsiriza. Tapita naye kwa anthu oona, ndipo aona. Zili m'galasi, zitatu, zamimba zofiira."

Ndinati, "Aona pa foni ya a Marko, monga waonera Lifidzi yense."

Anati, "Mkamwini, chepetsani pakamwa. Kwanu ku Domwe mwina mwana ndi wa bambo. Kuno mwana ndi wa mbumba, ndipo mwini mbumba ndine. Inu munabwera kudzabereka, mwabereka, tathokoza. Zoti mwana apite kuti ndinena ndine."

Ndinafunsa chimene akufuna. Anati ndichotse zinthuzo iwo aone ndi maso, ndipo akaona adzamukweza okha mwana pashapa. Anati, "Mukamumasula inu, dotolo atha kugwira ntchito yake. Musanamumasule, mwana sachoka pakhomo pano."

Kumbuyo kwawo ndinamva chifuwa. Sichinali chifuwa chimene ndimachidziwa, chinali chakuya, cha munthu wamkulu. Ndinapempha kuti ndimuyankhule, foni inaduka.

Ercília mkazi wanga, ndinu mayi wake. Ndikudziwa kuti simungakweze mawu kwa amalume anu pamaso pa amayi anu, sindinabwere dzulo m'mudzimo. Koma mwana amapita kukasamba, amapita kuseri. Mungathe kumubereka n'kutsika naye kumsewu, akazakalipa mutafika kale. Ankhoswe anga ndayankhula nawo, akuti apita Loweruka, koma mukuwadziwa, akafika amayamba ndi nkhani za mvula n'kutsanzika asanafike pamutu. Pitani kwa akatekista, mwina iwo angawamvere.

Kuno kwatentha ndipo magetsi akuzimazima. Tizilombo timeneti kutentha ndiye imfa yake, choncho ndimakhalira kuyandamitsa mabotolo a madzi oundana m'dziwemo, lina likasungunuka ndiike lina, ndi kuwaza ndere kuti zisaume. Tangoganizani. Mwana wanga akutentha thupi ku Lifidzi, ine ndili kuno kuziziritsa abuluzi a mzungu. Ndikaganiza zimenezi ndimafuna nditaswa galasilo ndi fosholo. Kenako kaja kamabwera pamwamba kudzandiyang'ana, kosadziwa kuti kali ndi mlandu ku Mosambiki.

Ndikachita zimene akufunazo ntchito yatha. Mdala akaitana apolisi, munthu wopanda masiku ngati ine mukudziwa kumene amathera. Choposa apo, ndiye kuti ndavomera kuti ndinkamudya mwana wanga, ndipo zimenezo sizifufutika. Ndili ndi mantha, sindikubisirani.

Ndilembereni, ngakhale mizere iwiri.

Elísio


Joni, pa 12 Novemburu 2023

Amake Telma,

Moni kwa inu. Ine ndikuyenda, ndikugwira ntchito.

Nzeru zanga zandigwetsa m'dzenje. Lachitatu masana mdala atagona, ndinavuula tizilombo tonse titatu ndi kaneti, ndinatiika m'ndowa ya madzi omwewo, n'kujambula galasi lopanda kanthu mbali zonse, ngakhale pansi pa makungwa. Ndinatumiza kwa a Marko, ndinabwezeramo tizilomboto mdala asanadzuke. Ndinkati aliyense apeza chake, apongozi aona kuti zachoka, mdala sataya kanthu, mwana akwera shapa. Ndinafika podziyamikira.

Madzulo ake a Marko anaimba. Anati, "Alamu, mwaonjezera moto. Amalume akuti ngati galasi lili pululu ndiye kuti mwazitulutsa, zili m'njira, zikubwera kuno. Amayi awaza phulusa kuzungulira nyumba. Telma amusamutsira kwa asing'anga kutsidya, kuti zikafika zisamupeze."

Kutsidya, Ercília. Kumene shapa sifika, ndipo mvula yayamba. Mtsinje uja ukadzaza mukudziwa kuti umatha sabata osaoloka munthu. Ine ndi manja anga ndamukankhira mwana kutali ndi msewu.

Ndinafunsa kuti ali bwanji. A Marko anayamba kudandaula kuti sakundimva bwino. Ndinafunsanso. Anati wasiya kudya, ndipo dzulo lake m'makhololo munali timagazi.

Ndinati, "Alamu, inu munafika kalasi ya desima, yachikhumi. Mukuzikhulupirira zimenezi?"

Anati, "Ine sindikudziwa, alamu. Ine ndimangosunga foni. Koma amalume akuti tsopano akufuna mitembo. Zonse zitatu, zitagona chagada, mimba zikuoneka, dzanja lanu lili pambali."

Ndaganiza zopita kusitolo kukafunsa ngati ali ndi tina takufa kale. Ndinapitadi. Mwini sitolo anandiyang'ana kuyambira kunsapato, n'kufunsa kumene ndimagwira ntchito ndi dzina la apatarau anga. Ndinatuluka ndisanayankhe.

Lero m'mawa mdala anandikhazika pampando pafupi ndi iwo, chinthu chimene sanachitepo. Anandionetsa kamodzi kamene kanenepa, akuti ndi kakakazi ndipo kali ndi mazira, kadzawakulunga limodzilimodzi m'timasamba ta m'madzi tija ndinamanga ndi ulusi. Akuti tifunika bokosi lachiwiri la ana, ndipo ndidzamange ndine chifukwa manja anga ndi odekha. Anatinso mwana wawo wa ku Kepi akudziwa munthu amene angandithandize za mapepala chaka chikubwerachi. Anandigwira paphewa ndi dzanja lonjenjemera lija. Ndinangoyang'ana pansi.

Kalata yanu yomaliza inali ya mwezi watha. Sindikudziwa ngati zangazi zikukufikani, kapena wina akumayamba wawerenga. Ngati ndinu a Benedito mukuwerenga, moni apongozi, ndamva zimene mukufuna.

Elísio


Joni, pa 15 Novemburu 2023

Ercília,

Moni. Ndili moyo.

Ndatipha, tonse titatu, lero m'mawa mdala atapita kwa dotolo wa manja. Foto ndatumiza, mimba zikuoneka, dzanja langa lili pambali monga anafunira. Mmene ndachitira musadzandifunse. Ndingokuuzani kuti sindinavutike kutigwira. Nditatsegula chivindikiro kaja kanabwera kokha, kakuyesa ndi chakudya.

A Benedito ayankha kuti aona, ndipo mawa kukacha akamutenga mwana kutsidya. Pamene kalatayi izikupezani mukhale muli ku Vila. Ngati simuli ku Vila muwauze a Vicente, ndipo ndibwera ndekha, kaya pa furontera, pamalire paja, andigwira kaya ayi.

Musaiwale pepala lija la anamwino. Dotolo akafunsa kuti chinayamba liti munene zoona, kuti ndi Setemburu, musachepetse chifukwa cha manyazi. Zimene wamwa kutsidya muwauzenso. Akakalipa mungopirira, bola amuone. M'envelopumu ndaika zonse zimene ndinali nazo, muzigulira mwana mkaka ndi mazira, inunso muzidya.

Ndakhala pakhonde, ndasamba, ndavala malaya abwino. Mnzanga wa kuchipinda akuti ndinene kuti kunatentha, magetsi anazima, tafa tokha, ndani angatsutse. Mwina ali ndi nzeru. Galimoto ya mdala yaima pageti, ndilekeze apa.

Elísio


Joni, pa 10 Dezemburu 2023

Amake Telma,

Moni kwa inu ndi kwa mwanayo. Ine ndili bwino. Kalata yanu a Vicente andipatsa, ndipo ndinaiwerengera pamsewu pomwepo pafupi ndi lole. Nditafika pamene mwati Telma wakhala tsonga n'kupempha mbatata yokazinga, ndinalira pamaso pa anthu ndipo sindinachite manyazi.

Ndiye chinali chifuwa chachikulu. Mwati dotolo anakalipa kuti mukanachedwa pang'ono akanakupatsani nkhani ina. Tamverani bwino apa. Mankhwala a miyezi isanu ndi umodziwo asadumphe ngakhale tsiku, ngakhale aoneke kuti wachira, ngakhale wina anene kuti zinatha kale ndi foto ija. Muzimumwetsa nokha ndi dzanja lanu. Inunso ndi amayi anu mukayezetse monga anenera.

Mwafunsa za ntchito. Mdala ndinamuuza zoona. Ndinayesa kuyamba ndi za magetsi, pakamwa panakana. Anamvetsera zonse, za foto, za apongozi, za kutsidya, osandidula. Anafunsa kuti mwanayo ali ndi zaka zingati, ndinati zisanu ndi chimodzi. Anatembenukira kugalasi lopanda kanthu lija. Kenako anati, "Ukanandiuza, Elísio. Sindikudziwa chimene ndikanachita, koma ukanandiuza. Apolisi sindiitana. Koma sindingathe kukuonanso ukulowa m'chipinda chino." Anandilipira mwezi wathunthu. Ndisanatuluke anandipempha kuti ndizimitse kabomba, chifukwa iwo sakanatha kuwerama. Ndinazimitsa, ndinatseka geti, makiyi ndinasiya kwa mayi wokonza m'nyumba uja.

Chichokereni kumeneko ndikusenza njerwa tsiku limene zapezeka. Kuno kulibenso chondikhazika, ndipo galimoto ija yayamba kufika mpaka m'makomo. A Vicente avomera kunditenga, pa furontera akuti adziwa chochita.

A Marko andiuza zimene zikundidikira. Ndikaime pabwalo la a Benedito pamaso pa mbumba yonse, ndikanene kuti ndasiya, asing'anga akandisambitse, ndipereke mbuzi. Ndichita. Ndinena chilichonse chimene akufuna kumva, ndipo mutu ndiweramitsa mpaka akhutire. Dzina langa m'mudzimo latha, wina aliyense akadzadwala anthu adzayang'ana khomo lathu. Zimenezi ndinazidziwa tsiku lija ndisanatsegule chivindikiro. Mwana ali moyo, ndiye sindidandaula.

Koma pali mzere umodzi m'kalata yanu. Kumapeto mwalemba kuti, "Zikomo abambo a Telma pomumasula mwana wathu, Mulungu akukhululukireni."

Mawu amenewa akananena a Benedito sindikanamva kanthu. Akananena amayi anu ndikanati ndi ukalamba. Koma dzanja ndi lanu, Ercília, ndimalidziwa. Zaka zisanu ndi zitatu tagona pamphasa imodzi. Munandiona ndikuyenda naye mwanayu kumsana pamene mano ankamera, inu mutatopa. Ndinapha tizilombo topanda mlandu, ndinaswa mtima wa munthu wokalamba amene sanandilakwire, ndipo pa zimenezo Mulungu andikhululukiredi. Koma mwana wanga sindinamumange. Zandipweteka kuposa ntchito, kuposa mbuzi ndi bwalo lomwe.

Sindikudziwa ngati munalemba nokha, kapena wina anaima kumbuyo kwanu akukuuzani zolemba. Pabwalo ndingathe kunama kwa mudzi wonse, koma sindingathe kulowa m'nyumba n'kugona pafupi ndi munthu amene azindiyang'ana ndikamugwira mwana pamutu.

Ndifika pa Kalomwe Lachisanu loyandikira Natale, Khirisimasi ija, chakumasana. Mubwere nokha, mudzandipeza pamene amakhala osintha ndalama. Sindidzakufunsani kanthu, pamsewu pamakhala anthu. Ngati mawu aja anakuuzani ena, mubwere chimanjamanja, tidzakwere limodzi shapa ya ku Lifidzi ndikaime pabwalopo. Ngati ndi anu, a mumtima mwanu, munditengereko khasu langa ndi jekete lakuda lili kuseri kwa chitseko. Ndikadzaona mwanyamula ndidzadziwa, ndipo ndidzakwera ya ku Domwe kwa amayi. Ya chakudya ndi ya sikola ya mwana ndizitumizabe kulikonse kumene ndingakhale.

Telma musamuuze kaye kuti ndikubwera.

Ndine bambo wake,
Elísio